Zilembo Zovina za Leticia

A Gabrieli Mbewe a ku Kapata anagwira choko zaka makumi atatu, ndipo kwa iwo mwana wolephera mayeso anali ngati chilonda cha pamphumi. Ana awo atatu anakhoza bwino. Koma chitsirizira, Leticia, anafika Giredi 9 akuwerengabe mokoka ngati ngolo yolemedwa.

"Atate, zilembo zimandivinira m'maso," ankadandaula.

"Ulesi umenewo," ankamudula.

Amene anamumvetsa anali Mayi Jere, oyang'anira laibulale ya pasukulu. Anzake a Leticia akaweruka, mayiwa ankamukhazika pakona, n'kumutsegulira mabuku a zilembo zikuluzikulu, rula pansi pa mzere, liwu limodzilimodzi. Pofika nyengo yozizira, mtsikanayo ankamaliza tsamba lonse osagwetsa misozi.

Tsiku lina bambo ake anapeza m'chikwama mwake buku la zithunzi la ana a Giredi 3. Analitenga, ulendo wa kusukulu, mtima uli m'mwamba.

"Mayi, mwana wa mphunzitsi mukumusandutsa choseketsa?"

"Aphunzitsi, mwanayu si mbuli ayi. Mutu wake umagwira zilembo mwanjira yakeyake. Mupatseni nthawi."

"Nthawi yanji? Mayeso ali pakhomo. Asapondenso muno!"

Kunyumba anamuunjikira mapepala a mayeso akale, chikwapu chili pambali. Zotsatira zitatuluka, Leticia anali atalephera phunziro lililonse. Pothawa maso a anzawo a kutchalitchi, a Mbewe anamutumiza kwa azakhali ake ku Chiparamba kukathandiza kumunda.

Thonje litagwidwa ndi mbozi, azakhaliwo anamupatsa botolo la mankhwala opopera. "Iwe ndiwe wa kusukulu. Werenga, usakanize."

Tizilembo tating'ono ta pabotolopo tinangoti nyikitinyikiti ngati nyerere. Kunena kuti sangathe, manyazi anamutseka pakamwa. Anathira theka la botolo m'thanki imodzi yopopera, kupyola muyezo, napopera tsiku lonse, pamphuno popanda kansalu, mphepo ikumubwezera mankhwalawo kumaso. Dzuwa likupendeka, anamupeza atagwa pakati pa mizere, thovu lili kukamwa. Anatsirizikira pangolo asanafike kuchipatala.

Pamaliro, a Mbewe anawona Mayi Jere atakhala pakati pa azimayi. Anawayandikira.

"Mayi, ndiuzeni zoona. Kodi akanatha kuwerenga?"

"Anali atayamba kale, aphunzitsi."

A Mbewe anakhala pansi pafumbi pomwepo. Zaka zonse zija anaphunzitsa ana a eni, koma phunziro limodzi linawafika mochedwa: kuona maso a nkhono n'kudekha.