Khwangwala Adya Bolodi Yonse

Khwangwala wadyera ndi Finye wamakani anakumana pamasewero omaliza a mpikisano wa tchesi wa m'dambo. Onse awiri sanali akatswiri, mapointi awo anali apakatikati. Koma chaka chimenecho Khwangwala zinkamuyendera, ndipo chikho chinali pafupi. Chinangotsala n'kugonjetsa Finye basi.

Masewero atangoyamba, Finye anasiya mfumukazi yake poyera. Khwangwala anaijompha, nadyanso akavalo onse awiri.

"Achimwene, ingogonjani tikapume," anatero Khwangwala.

"Mfumu yanga ikadali moyo," anayankha Finye, nadzitukumula.

Yankho limeneli linamuwawa Khwangwala. Njira yotsekera mfumu ya Finye ankaiona bwinobwino, moti akanasuntha kawiri kokha nkhani ikanatha. Koma maso ake anagwera pa asilikali a Finye amene anatsala, atandandalika ngati chimanga chowauka pamphasa. Anati mumtima mwake, chikho sichithawa, ndiyambe ndamuvula wamakaniyu pamaso pa anthu.

Anadya msilikali, nadya wina, akuwaunjika pansi pa phiko lake. Asilikali akenso anawayendetsa mpaka kutsidya kwa bolodi, nawasandutsa mafumukazi atatu. Oonerera ankaomba m'manja, iye n'kumaweramira uku ndi uku.

Finye anatsala ndi mfumu pangodya ndi msilikali mmodzi. Khwangwala anameza malovu, namudya msilikaliyo.

"Sunthanitu, achimwene."

Finye anayang'ana bolodi nthawi yaitali. "Ndisunthire kuti? Paliponse mwatseka."

Nang'omba, woweruza wa mpikisanowo, anabwera nasuzumira. "Mfumuyi palibe akuiopseza pamene yaimapa, koma ilibe kopita, ndipo mwini wake alibe china chosuntha. Mwalamulo, mwalepherana."

"Bwana, onani zimene ndadya," anatero Khwangwala, akutukula phiko. Tizidole tonse ta Finye tinagubuduka pansi.

"Ndaona. Koma sitiwerenga zimenezo."

Chikho chinapita kwa Nkhululu, amene anaposa Khwangwala pamapointi atapambana masewero ake mwakachetechete patebulo lapambali, wopanda ndi mmodzi yemwe womuonerera. Finye, pokhala walepherana ndi womuposa, mapointi ake anakwera, ndipo anapita kwawo akuuza aliyense panjira kuti zonsezo anachita kukonza dala. Khwangwala anatsala yekha akutola tizidole m'fumbi, chifukwa Nang'omba anati wamwaza ndiye alongedze.

Phunziro: Wofuna kudya zonse zimene waona amaiwala chimene anabwerera.