Maluwa a pakhomo pa Nachisale

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo monga munthu. Umene ndikuuzeni lerowu kwawo ndi kumapiri a ku Dedza, m'kamudzi ka nyumba zosakwana makumi atatu, kumene mphepo ya mwezi wa Juni imalowa ndi m'mafupa momwe.

Kalelo amuna a m'mudzimo ankapita kumigodi ya ku Joni. Wina ankabwerako ndi njinga, wina ndi chifuwa, wina osabwerako n'komwe. Mmodzi mwa opitawo adali Yotamu, amene adasiya mkazi wake Nachisale ali ndi pakati pa miyezi iwiri. Adalemba kalata imodzi yokha, yonena kuti wafika bwino, koma pansi pamene akugwira ntchito n'potentha ngati m'ng'anjo.

Nthawi itakwana, Nachisale adachira mwana wamkazi nalowa m'chikuta. Mwambowu mwina ena simudauone. Mayi akabereka ankabindikira m'nyumba ndi khanda lake mpaka mchombo utagwa. Iye sankatuluka, ndipo mwamuna aliyense, ngakhale mlongo wake wa bere limodzi, sankapondamo.

Tsiku lachitatu, mayi wina wochokera kuchigayo adafika ndi uthenga. Pa sitolo ya kumsewu padatsika munthu wochokera ku Joni, dzina lake Binisoni, wa ku Ntchisi, ndipo ankafunsa abale a Yotamu. Lole yopita kwawo inkanyamuka dzuwa likapendeka.

Nachisale adadzambatuka pamphasa, koma azamba adamugwira dzanja.

"Khala pansi iwe! Ukufuna kutilaulira? Mchombo ukadali lende, iwe uli kumsewu?"

Adakhala pansi. Adaitanitsa mchimwene wake Gidiyoni, nalankhula naye chitseko chili chotseka.

"Achimwene, ine ndamangika. Kandimverereni. Mukamve zonse, musakasiyeko ngakhale liwu limodzi."

Gidiyoni adabwerako nkhuku zikulowa. Nachisale adamva mapazi, kenako kutsokomola kuseri kwa chitseko.

"Nenani, achimwene, ndikumva."



"Alamu ali bwino," adatero Gidiyoni. "Ntchito ya pansi ija adaisiya. Pano akulima maluwa kunyumba kwa mzungu wina."

"Maluwa? Yotamu yemwe uja?" Nachisale adaseka mpaka khanda lidadzidzimuka. "Munthu woti ndi duwa la dzungu lomwe amaliponda! Otani maluwawo?"

"Ofiira. Ena achikasu. Ambirimbiri, mlongo wanga."

"Nanga kalata?"

"Kumeneko positi ili kutali. Koma atumiza bulangete ili, ati mufunditse mwana."

Azamba adalandira bulangetelo pakhomo. Lidali lotuwa, lothetheka m'mphepete, ndipo linkamveka fungo la Yotamu. Nachisale adalikumbatira. Nkhope ya mchimwene wake sadaione tsiku limenelo, poti pakati pawo padali chitseko.

Atatuluka m'chikuta, mwana adamutcha Dikirani. Adapita kumishoni kukapempha mbewu za maluwa, nadzala kutsogolo kwa nyumba, ofiira ndi achikasu. Ankati mwini ntchito akadzabwera adzaone kuti kunonso anthu amaitha. M'mawa uliwonse, asanagwire tsache, ankagwada pamphasa n'kunena pemphero lomwelomwelo: "Ambuye, musungeni Yotamu. Asadwale, asagone ndi njala, ndipo njira ya kwawo asaiiwale."

Mvula idagwa, idakata, idagwanso. Kuchitsime amayi adayamba kumugemula.

"Anachisale, maluwa a ku Joniwo sakhwima kodi? Kapena ndi aja ovala nsapato zazitali?"

"Anuwo ali pakhomowo akulimirani chiyani?" ankayankha iye. "Ndi chitedze chomwe sindidachione."

Ankaseka onse, koma iye akasenza mtsuko n'kutembenuka, kuseka kunkathera pomwepo. Obwera kuchokera ku Joni, Nachisale ankawafunsa mmodzimmodzi. Onse ankati Joni ndi dziko lalikulu, migodi ndi yambirimbiri, ndipo wolima maluwa sakumana ndi wokumba pansi. Yankho limeneli linkamukwanira.

Chaka chachisanu ndi chiwiri, ankhoswe a kuchimuna adabwera. Adati mwana wawo watchona, ndipo sibwino kumanga mwana wa eni pachabe. Padalinso mmisiri wa matabwa, Simiyoni, munthu wofatsa, amene adali atatumiza kale mawu ofunsira.

"Tabwera kuti tikumasuleni, mayi," adatero wamkulu wa ankhoswewo.

"Kusudzula n'kwa amasiye," adayankha Nachisale. "Ine mwamuna wanga ali moyo. Achimwene awa adamva ndi makutu awo. Si choncho, achimwene?"

Gidiyoni adayang'ana pansi, akutokosa dothi ndi kamtengo.

"Ndidamva," adatero.

Simiyoni adadikira chaka china, kenako adakakwatira kutsidya. Gidiyoni ndiye sankasowa pakhomo pa mlongo wake. Denga likadontha ankafolera, nkhokwe ikapendama ankaimika, munda ankayamba kulima wa Nachisale, wake pambuyo. Anthu ankamutama kuti mwini mbumba ndi ameneyu. Chinthu chimodzi chokha ankakana: kuthirira maluwa aja. Ankati fungo lake limamupweteketsa mutu.

Zidatha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Dikirani adakula, adakwatiwa, ndipo mutu wa Nachisale udayamba kuchita imvi.

Tsiku lina m'mawa, Nachisale ali chiweramire kuzula udzu m'maluwa, adamva odi. Padaima nkhalamba yotsimphina, chipewa chili m'manja.

"Ndimafuna kwa akazi a Yotamu."

"Mwafika. Ndine."

Adamuyalira mphasa pakhonde. Atalonjerana, mlendoyo adati ndiye Binisoni wa ku Ntchisi. Mwana wake adakwatira m'mudzi woyandikana nawo, ndipo iye atabwera kudzaona zidzukulu adati sangabwerere osaponda pakhomo pa mnzake.

"Pepani, mayi," adatero, akusisita chipewa chija. "Ndidachedwa kudzakupepesani maliro. Tsiku lija lole inkandithawa, ndiye ndidangotula zonse kwa achimwene anu."

"Maliro a yani, bambo?"

Binisoni adamuyang'ana, nayang'ananso maluwa aja.

"Mayi, kodi sadakuuzeni?"

"Nenani. Lero ndimva ndekha."

Nkhalamba ija idafotokoza pang'onopang'ono. Mwezi wachisanu chifikire ku Joni, thanthwe lidagumuka pansi pamene ankakumba. Iye lidamuphwanya mwendo, Yotamu lidamugwera pachifuwa. Adamuika m'manda a pafupi ndi komponi imene ankagonamo ogwira ntchito mumgodi. Poti padalibe mbale woti n'kulira, anzake adathyola maluwa a pampanda, ofiira ndi achikasu, nawaika pamtumbira. Bulangete lija ndilo lokha limene adapeza pogona pake.

Nachisale sadalire. Adatuma Dikirani kukaitana amalume ake. Gidiyoni atangoona mlendoyo, khasu lidagwa m'manja mwake.

"Achimwene, ndidakutumani kukatani kumsewu kuja?"

"Mlongo wanga, udali ndi khanda la masiku atatu. Ndidaopa kuti mkaka uuma, titaya awiri. Ndidati ndidzanena ukatuluka m'chikuta. Utatuluka ndidakupeza ukudzala maluwa, ukuimba. Ndidati mwana ayambe wasiya kuyamwa. Kenako zaka zidandichulukira, pakamwa padalemera."

"Ankhoswe atabwera paja, pakamwa padali polemerabe?"

Gidiyoni adagwetsa misozi. "Koma taona, kwa iwe adali moyo. Unkadzuka ndi mphamvu, mwana udamulera osagwa mphwayi. Chimene munthu wakhulupirira ndi mtima wonse, kwa iyeyo n'choona."

"Kwa ine?" adafunsa Nachisale, mawu ali pansipansi. "Kodi Yotamu adalipo awiri, wina wanga, wina wa dothi? Adali mmodzi, achimwene, ndipo adali m'manda. Dothi la ku Joni silidandifunse zimene ndinkakhulupirira. M'mawa uliwonse ndinkagwada kupempha kuti asadwale, asagone ndi njala. Mulungu ankamva, akudziwa pamene wagona. Inunso munkadziwa. Wosadziwa ndidali ine ndekha, mwini maliro."

"Ndiye ukuti mapemphero ako onse aja adapita pachabe?"

"Amene ndinkamupemphayo sadandinamize. Mudandinamiza ndinu. Mukadandiuza, ndikadapempha china. Ndikadapempha mphamvu yolirira mwamuna wanga, n'kulira, n'kutha. Apongozi anga adamwalira akuyang'ana kumsewu. Mwana uyu dzina lake lenilenilo ndi bodza lanu."

Dikirani adabisa nkhope m'chitenje. Apo ndi pamene Nachisale adalira, kulira kwa maliro atsopano, ndipo amayi a m'mudzi adathamanga kuchokera m'minda osadziwa kuti wamwalira ndani.

Patapita masiku awiri anthu a m'mudzi adachita monga ankachitira munthu akafera kutali. Adadula thunthu la nthochi, adalikulunga m'bulangete lotuwa lija, nakaliika kumanda. Nachisale adathyola maluwa onse a pakhomo pake, osasiya ndi limodzi lomwe, nakawayala pamtumbira. Tsiku lometa, tsitsi limene lidagwa pansi lidali loyera. Ankhoswe adamusudzula monga mwa mwambo, koma ufulu umene adampatsa udali ngati khasu lopatsidwa mvula itakata.

Nachisale sadamuthamangitse Gidiyoni. Mchimwene wakeyo ankabwerabe kudzafolera denga, iye n'kumupatsa madzi akumwa. Koma kuyambira pamenepo, kukamveka nkhani iliyonse, kaya ili kutali chotani, Nachisale ankamanga chitenje n'kupita yekha. Anyamata a m'mudzi adamutcha Gidiyoni dzina loti Kandimverere, ndipo adafa nalo.

Ndiye mukamva akulu akuti, "Kandimverere adakanena za m'maluwa," gwero lake ndi limeneli. Mwambiwu umatichenjeza kuti nkhani yokhudza moyo wako usatume wina kukakumvera. Wotumidwa amachotsako, amawonjezera, ndipo nthawi zina amatero chifukwa chokukonda. Koma pali chinanso chimene ana ambiri sachigwira. Chimene chidachitika chidachitika, kaya wachimva kaya sudachimve, kaya wachikhulupirira kaya wachikana. Chikhulupiriro n'chabwino, ndipo munthu wopanda nacho safika patali. Koma chili ngati mtanda wa denga: chimalimba molingana ndi mzati umene chatsamira. Nachisale adakhulupirira ndi mtima wangwiro, ndipo palibe amene angamuseke. Koma mtima wangwirowo sudadzutse Yotamu, ngakhale tsiku limodzi.

Choncho mukamva kuti kumsewu kwatsika munthu wodziwa za wanu, pitani nokha. Ngati mwamangika, muitanitseni afike pakhomo, ndipo polankhula naye chitseko chikhale chotsekula.