Dzina la aZodiwa Lisowa pa Mndandanda wa Mbewu

Bungwe la alimi ku Entre Lagos, m'dziko la Mozambique, linali ndi kompyuta imodzi, ndipo m'menemo ndimo munkasungidwa mayina a mabanja onse oyenera kulandira mbewu. Pulogalamu yosungira mayinayo inali yaulere, yolembedwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo aliyense anali ndi ufulu woikonza. Buku la malangizo ake analilemba m'Chinyanja ndi Vitorino, mlembi wa bungwelo.

Koma bukulo linali ndi chilema. Bokosi la m'pulogalamuyo lolembamo mabanja amene anabwera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, patsamba lina ankalitchula kuti "obwerera", pena "othawa", penanso "regresado". Bokosi limodzi, mayina atatu.

Cláudia, wothandiza kulemba mu ofesiyo, ndiye anayamba kuona. "Akulu, tisankhe dzina limodzi. Ndi ntchito ya m'mawa umodzi basi."

"Iwe, anthu akulira mvula, iwe ukulira mawu?" anatero Vitorino. "Ine ndimadziwa chimene ndinkatanthauza."

Cláudia anakumbutsanso kawiri, kenaka anatseka pakamwa. Mwezi wa Okotobala onse awiri anaitanidwa ku maphunziro ku Cuamba, ndipo ntchito yolemba mayina inatsalira Alzira, mayi wosamala amene salumpha mzere. Alzira anatsata buku monga linalembedwera. Ataona mayina atatu, anaganiza kuti pakufunika mabokosi atatu, choncho anawonjezera awiri n'kugawamo mabanja.

Tsiku la mbewu linafika awiri aja atabwerako ku maphunziro, mitambo itayamba kale kuda. Lole inaima pabwalo, ndipo Vitorino anasindikiza mndandanda wa "obwerera". Anawerenga mpaka pansi. Mabanja makumi anayi anatsala chiimire, matumba ali opanda kanthu m'manja. Woyendetsa loleyo anati mbewu yopanda dzina abwerera nayo masana omwewo.

Pakati pa otsalawo panali aZodiwa, mayi ake a Vitorino yemwe. Mayiwo anamasula mpango m'chiuno n'kuumanganso mwamphamvu.

"Vitorino! Ndinakuolotsa nyanja ya Chiuta uli kumbuyo, mfuti zikulira. Ndinabwera nawe kuno n'kuzula zitsa ndi manja awa. Lero makina ako akuti kulibe ine?"

"Amayi, dikirani pang'ono…"

"Ndidikire chiyani? Uiuze mvulayo idikire!"

Anthu anaseka, koma Vitorino thukuta linali kamukamu. Alzira anabwera ndi buku lija n'kulitsegula pamaso pake. "Ine ndinachita zimene munalemba, akulu. Onani nokha."

Vitorino anayang'ana masamba atatuwo. Cláudia sanataye nthawi ndi kunyogodola. Anakhala pa kompyuta, napeza mabokosi awiri owonjezera aja, n'kuphatikiza mayina onse pamodzi. Dzuwa lisanapendeke mndandanda wathunthu unatuluka, woyendetsa lole ali kale ndi kiyi m'manja. Banja lililonse linalandira. AZodiwa anasenza thumba lawo osayang'ana n'kumbuyo komwe.

M'mawa mwake Vitorino anakoka mpando n'kukhala pambali pa Cláudia. Anadutsa bukulo tsamba ndi tsamba, nasiya dzina limodzi paliponse, nakonzanso zilembo zolakwika zimene anazipeza m'njira. Atatha anatumiza buku lokonzedwalo kwa osamalira pulogalamuyo, kuti mabungwe ena asagwe m'dzenje lomwelo. Nthawi ya nkhomaliro isanakwane, ntchito inali itatha.

Mvula inagwa patapita masiku atatu, mbewu ili kale m'nthaka. Mwayi ndiwo unamupulumutsa Vitorino, osati nzeru. Paja akulu anati muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso.