Mendulo ya Felesiya ndi Likulu la Nigeria

Kalekale, osati kale la makolo ayi, koma kale lija wailesi inkadya mabatire anayi, pa msika wa Lizulu panali telala wina wamkazi dzina lake Felesiya. Sukulu anailekezera Sitandade 7 bambo ake atamwalira, ndipo zimenezi zinkamupweteka mumtima kuposa umphawi weniweniwo. Mutu wake unali wakuthwa. Sankalola chilembo kumudutsa osachiwerenga, ngakhale cha pa thumba la feteleza.

Chaka ndi chaka pa boma pankachitika mpikisano wa mafunso: mbiri yakale, mapiri ndi mitsinje, sayansi, masewera, mabuku. Wopambana ankapatsidwa malo aulere kusekondale, kaya apite yekha kaya atumize mwana wake. Koma mendulo sinali ya wopambanayo. Mwambo unali wakuti aiveke munthu mmodzi yekha amene wamufikitsa pamenepo. Felesiya ankalota malo a sukuluwo ali maso, ndipo anthu atatu anamutsegulira njira.

Woyamba anali a Nagama, ogulitsa usipa moyang'anizana ndi khonde lake. Mayiwa sankatha kulemba ngakhale dzina lawo, ndipo nyuzipepala zakale ankazidziwa ngati zokulungira nsomba basi. Tsiku lina anaona Felesiya akuwongola kapepala konunkha usipa, akudandaula kuti nkhani yathera pakati. Kuyambira pamenepo analeka kung'amba nyuzi asanamuonetse. Mtolo uliwonse unkayamba wagona kwa Felesiya, ndipo masamba amene wawakonda sankabwereranso. Masiku ena mapepala ankawathera, n'kumakulungira usipa m'masamba a nthochi, makasitomala akuwaseka. Anachita zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi, osafunsapo kuti m'mapepalamo muli chiyani.

Wachiwiri anali a Chikakuda, osoka nsapato pakhonde lomwelo. Mdala ameneyu anali wamakani, tisabise, ndiponso wokonda kutamidwa. Msika uliwonse unkatumiza munthu mmodzi kumpikisano, ndipo wa Lizulu anali iwowa, zaka zinayi zotsatizana, kubwerako ali achiwiri kapena achitatu. Akamasoka ankaponyera Felesiya mafunso ngati akumuyesa: mafupa a munthu wamkulu ndi angati, mtsinje wotuluka m'nyanja yathu ndi uti, mpira wamiyendo amasewera anthu angati. Anamuphunzitsanso kupuma kaye asanayankhe, poti ambiri amagwa ndi phuma, osati umbuli. Kenako Felesiya anayamba kuyankha funso lisanathe, mpaka tsiku lina anawakonza iwo eni ake pamaso pa anthu. A Chikakuda anatupa masiku atatu osamulankhula. Tsiku lachinayi anakwera njinga kupita pa boma, n'kukafufutitsa dzina lawo, kulembetsa la Felesiya. Maso awo anali atayamba kuchita khungu, ndipo ankadziwa kuti mwayi wina sudzabweranso.

"Ine ndimaloweza, iwe umamvetsa," anatero atabwerako. "Pita, mwana wanga, usakatichititse manyazi."

Tsiku la mpikisano holo inadzaza mpaka m'mawindo. A Nagama ndi a Chikakuda anabwera pa lole ya mbatata n'kukhala kumbuyo. Opikisana anagwa mmodzimmodzi, mpaka kutsogolo kunatsala awiri ofanana mphamvu: Felesiya ndi a Zuze, kalaliki wopuma ntchito wa ku positi ofesi, munthu amene Felesiya anali asanamuonepo. Mwana wawo wamkazi, amene ankamufunira malowo, anakhala pa benchi yoyamba.

Funso lomaliza linagwera Felesiya: likulu la dziko la Nigeria ndi mzinda uti? Anapuma monga anamuphunzitsira, n'kukumbukira tsamba lina la a Nagama lomwe linali ndi mafuta a nsomba m'mbali. Anayankha kuti Abuja.

Wofunsa anayang'ana khadi lake n'kupukusa mutu. Felesiya anayamba kudzikayikira, poti aliyense amene anapita kusukulu m'holomo ankang'ung'udza dzina la Lagos. Khadilo analikopera m'buku lakale, koma palibe amene ankadziwa. Funso linapita kwa a Zuze. Liwu limodzi lokha likanawakwanira.

A Zuze anavula magalasi, n'kuyang'ana mwana wawo.

"Bwana, ndikudziwa zomwe zalembedwa pakhadi lanulo. Mwalemba Lagos," anatero. "Koma likulu linasamuka posachedwapa. Mayiwa anena zoona, ndipo ine sindingadye za eni."

Oweruza anatuma munthu kukafufuza m'mabuku atsopano, ndipo anabwerako ndi yankho la Felesiya. Holo inasefukira ndi nthungululu. Mwana wa a Zuze analira mwakachetechete, koma anagwira dzanja la bambo ake osalitaya.

Apa ndi pamene mavuto a Felesiya anayambira. Malo a sukulu anali ake, koma m'manja anamuikira mendulo, n'kumuuza kuti asankhe. Anayang'ana a Nagama, omwe ankavina osadziwa n'komwe kuti Nigeria ili mbali iti. Anayang'ana a Chikakuda, omwe ankauza aliyense kuti ameneyo ndi wophunzira wawo, misozi ili mbwembwembwe. Anayang'ana a Zuze, mlendo amene anali atangomana mwana wake sukulu chifukwa cha choonadi. Onse atatu ankawakonda pa nthawi imeneyo, ndipo mtima unamuwawa kuti chingwe cha mendulo chimakwana khosi limodzi.

Anatsika pa nsanja, mendulo ili m'manja. Ine ndimusiyira pomwepo, phazi lili m'mwamba.

Tsono inu mwamvanu, tandiuzani. Popanda a Nagama yankho sakanalidziwa, popanda a Chikakuda pakhomo la holo sakanalowa, popanda a Zuze akanabwerera ku makina ake osokera ali wolondola koma wolephera. Mukanakhala Felesiya, mendulo imeneyi mukanaveka ndani?