Malole a Tsanya pa Chipata cha a Kaitano

A Kaitano anali mlonda wa nkhalango kumapiri a kumadzulo kwa Tengani, kumene munthu amalowa m'Mozambiki osadziwa kuti watuluka m'Malawi. Ntchito ankaidziwa, koma anali ankhutukumve.

Tsiku lina akukonza tcheni cha njinga pakhomo pa kaofesi kawo, kunatulukira a Fernando, mlonda mnzawo wa ku Mozambiki, thukuta lili kamukamu.

"Achimwene, amacheka a injini atha mitengo ya tsanya kwathu, ndipo malole awo akuthawira njira yanuyi. Akuluakulu a mayiko athu anapangana kuti chipika chopanda chidindo chisadutse malire. Ndipatseni nambala yanu, ndikaimba muzitseka chipata."

"Mitengo yanu, mutu wanu," anayankha a Kaitano osadzutsa nkhope. "Ine ananditumira ya kuno."

A Fernando anangoti, "Takhuta," zikomo wa Chisena, n'kukwera njinga yawo.

Chilimwe chonse malole ankadutsa, a Kaitano n'kumaponya maso kumbali. Koma macheka sakhuta. Kwa a Fernando kutayera mbee, anthu aja anatembenukira kuno. Anadikira sabata yomwe a Kaitano anali kumaliro a mlongo wawo ku Nsanje. Pobwerako a Kaitano anapeza zitsa zokhazokha, utuchi ukadali wauwisi. Ngakhale mitengo yakumanda, yomwe nkhwangwa inali isanaikhudzepo chiyambire, inagwa. Mapazi a malole analoza ku Mozambiki, kumene yunifolomu ya a Kaitano inalibe mawu.

Anauyatsa wapansi mpaka kwa a Fernando, chipewa chili m'manja.

"Malolewo ndinawagwira dzana," anatero a Fernando motsitsa mawu. "Anandionetsa makalata oti mitengoyo anagula mwalamulo kwanu. Mtima unakana, ndinawasunga tsiku lathunthu. Koma wotsutsa makalatawo munali inu, nanga popanda nambala yanu ndikanakupezani bwanji? Pano ali panjira ya kudoko."

A Kaitano anangoti zyoli. Kenako anauyamba ulendo wobwerera kwawo.

Mvula ya chaka chimenecho inapeza phiri lili lamaliseche. Madzi anatsika mwaukali, anakwirira minda ya mapira ndi mchenga, nafukula manda awiri. Pokwiriranso mafupawo palibe anawatchula dzina a Kaitano, koma palibenso anakhala nawo pafupi.

Akuluakulu sananame: mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.