Mlimi Amene Anadikira Kuti Chikate

Kunali munthu wina wa ku Dowa amene anapita kukagwira ntchito pa famu ku dziko lozizira la kutsidya kwa nyanja. Anatenga mkazi wake ndi mwana wawo wamkazi, Ndaziona, amene ankadwala mphumu. Nyumba yawo inali kumapeto kwa kanjira katali kochokera ku msewu waukulu. Njira ina kunalibe.

Kumeneko, abale anga, nyengo yozizira kumagwa chipale chofewa. Ndi madzi oundana, oyera mbee ngati ufa, ndipo akagwa sayenda, amangounjikana.

Mwini famuyo asanapite ku ulendo anamusonyeza thirakitala. Kumbuyo kwake anamangako chikhasu chachitsulo chopingasa, chokokera chipalecho m'mbali mwa njira. Anamuuza kuti, "Chikayamba kugwa, iwenso yamba. Khasu ili lili kumbuyo. Limapala pokhapo pamene thirakitala yadutsa."

Munthu uja anavomera ndi mutu, koma mumtima anaseka. Iye anagwira khasu asanavale nsapato, ndiye lero mwini famu amuphunzitse kupalira?

M'mawa wina chinayamba kugwa. Mkazi wake anasuzumira pazenera nati, "Bambo a Ndaziona, kodi simuliza thirakitala?"

"Mayi, ndani amasesa pabwalo mvula ili mkati? Chiyambe chakata."

Sanali waulesi ayi. Anali munthu wa kwathu kuno, wodziwa kuti mvula umaiusa pakhonde, ikakata nkutuluka. Komatu mvula ya kwathu imachenjeza. Imagunda, imasokosa pamalata, kenako imatsikira kudambo. Ichi chinkagwa mwakachetechete, kamodzikamodzi, kokongola, mpaka Ndaziona ankawomba m'manja. Chinafika m'kakolo, iye anati chikata. Chinafika m'mawondo, iye anati chatsala pang'ono. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsiku lotsatira masana, mwana uja anabanika. Mankhwala opopera mkamwa sanathandize. Anaimbira ambulansi, ndipo inabwera ndithu, koma inaima ku msewu waukulu. Kanjira kaja kanali katakwiririka mpaka m'chiuno.

Apo mpamene bambo uja anathamangira thirakitala. Inalira bwinobwino, mafuta analimo, chikhasu chinali chakuthwa. Koma kuti khasu ligwire ntchito, thirakitala inayenera kudutsa kaye, ndipo podutsa panalibe. Inangolowa pang'ono nkutitimira. Matayala ankazungulira pamalo amodzi, pansi pakusanduka gwaa, poterera. Anayesa kubwerera m'mbuyo, inakana. Anacheuka nkuona chikhasu chija chili phee, sichinapale ngakhale pogona mbuzi. Munthu wamkulu analira mokweza ali pampando, ndipo injini inameza kulira kwake.

Anatsika, nathamangira m'nyumba, nabereka mwana wake, nayamba kusambira m'chipale chija. Ankagwa, kudzuka, kugwanso. Kukhosi kwake ankamva kampweya ka mwanayo kakulira ngati kherere. Ali pakati pa njira, anazindikira kuti kulira kuja sakukumvanso. Anapitirizabe kuyenda, akumulankhula kuti, "Tafika, mayi, tafika." Anthu a ambulansi anamuchingamira akukumba ndi mafosholo, anamulandira mwanayo, anayesetsa, kenako anangoweramitsa mitu.

Chipale chija chinakata madzulo a tsiku lomwelo. Dzuwa linawala bwino kwambiri.

Abale anga, nkhaniyi imandiwawa, ndipo sindiitsekemeretsa. Tchimo siligunda ngati mvula. Limagwa mwakachetechete, pang'onopang'ono, ndipo poyamba limakongola. Ena mwa ife tikuti tidzalapa unyamata ukatha, mowa ukatikwana, mkwiyo ukaphwa. Tikudikira kuti chikate. Mulungu chifundo chake sichichepa, monga khasu lija silinabunthe. Chimene chimatha ndi njira ya mumtima mwathu, mpaka tsiku limene tidzafuna kutuluka nkupeza kuti sitingathenso kusuntha. Ndipo kawirikawiri wolipira kuchedwa kwathu si ife tokha, ndi amene tawabereka kumsana.

Panja chikugwa, abale. Chikadali m'kakolo, dzukani.