Mayi Amene Anakana Kupita Kumanda Wathunthu

Panali mayi wina wogulitsa makala, dzina lake Nachisale, amene ankadwala matenda a shuga. Mapazi ake anali atachita dzanzi kalekale. Tsiku lina anaponda msomali osamva kanthu. Anadzazindikira bala litatukusira, likununkha.

Anamugoneka pachipatala cha boma. Mankhwala anali ochepa, mabandeji ankatha, ndipo dokotala wa opaleshoni anali mmodzi yekha. Anamwino anatsuka balalo mmene akanathera, koma zala zinada, kudako n'kuyamba kukwera. Dokotala anamuuza mosabisa kuti: “Mayi, tikadula m'munsi mwa bondo, mukhala ndi moyo. Tikachedwa, sitidzakhalanso ndi podula.”

Nkhani itafika kumudzi, amalume ake anabwera ndi alongo awiri a Nachisale, galimoto ili panja. Anaima mozungulira bedi.

“Mphwanga, nyamuka tizipita,” anatero amalumewo. “Kumtundu kwathu sitinaikepo munthu wopanda chiwalo. Ngati ndi imfa, ikakupeze kwanu uli wathunthu.”

Alongo aja anayamba kulongedza mbale ndi zitenje. Odwala ena m'chipindamo anali ataonapo ambiri akutengedwa chomwecho, ndipo sanamvenso za iwo.

Nachisale anadzuka, nakhala tsonga. Anavundukula nsalu imene inaphimba phazi lija. Fungo linadzaza chipinda, ndipo amalume anatembenuza nkhope.

“Ayi, amalume, liyang'aneni. Ili ndi limene mukufuna ndipite nalo? Inu mukufuna mtembo wathunthu. Ana anga akufuna mayi wawo.”

Kenako anaitana namwino ndi mawu okweza: “Asisitala, kawauzeni adokotala kuti ndavomera. Adule.”

Abale aja anatuluka atakwiya. Mwendo unadulidwa. Chilonda chinachedwa kupola, ndipo masiku ena iye ankalira ndi ululu. Koma anapola.

Atabwerera kumudzi, amayi anasonkhana pakhomo pake, nkhope zakugwa, ena akusisima. Iye anatuluka ndi ndodo zake, nawayang'ana onse.

“Kodi maliro ali kuti? Ndiuzeni, nanenso ndikakhuze.”

Mayi mmodzi anaseka, enanso n'kuseka, ndipo anamusendezera mpando.

Tsono inu amene mwakhala pabenchi pano kudikira kuyezedwa shuga, mwamva. Yang'anani mapazi anu tsiku lililonse, ndipo kabala kakang'ono kasagone kunyumba, kuti mpeni usakufikeni. Koma tsiku loipalo likafika, adzabwera anthu okukondani, olankhula mwaulemu, kudzakupemphani kuti mufe kuti iwo asachite manyazi. Alemekezeni, apatseni moni, koma musakwere galimoto yawo.